Tsamba Likapoletsa Bala, Wapoletsa Ndani?

Munthu akadzitema ndi chikwanje kumunda, n'kufikisa masamba a chisoso m'manja, n'kufinyira madzi ake pabalapo, pakatha sabata ziwiri bala lija limakhala litatseka. Iye amayamika chisoso, ndipo n'kovuta kumutsutsa poti waona ndi maso ake. Koma mnzake amene anadzitema chimodzimodzi n'kungotsuka ndi madzi, nayenso pakatha sabata ziwiri amakhala atapola. Kafukufuku yense wa mankhwala azitsamba a pa mabala wagona pamenepa. Bala la munthu wathanzi limapola lokha, choncho wofufuza safunsa kuti "kodi linapola?" ayi. Amafunsa kuti linapola msanga poyerekeza ndi chiyani, ndipo linafulumira ndi masiku angati. Pa mitengo yambirimbiri imene asing'anga a mu Africa muno amaika pa zilonda, ndi yowerengeka imene inayesedwa motere mpaka kufika pa anthu. Yambiri ulendo wake unathera m'timbale ta mu labotale ndi pamsana pa makoswe.

Thupi lili ndi ndondomeko yake yotsekera bala. M'mphindi zoyamba timitsempha todukato timafinyika, magazi n'kuundana. Kenaka kwa masiku atatu kapena anayi bala limafiira, limatupa, limatentha ndi kuwawa, chifukwa maselo oyera a m'magazi akhamukirapo kudzadya tizilombo ndi mnofu wakufa. Kutupa kumeneku si chizindikiro chakuti zinthu zaipa. Kumaipa kukapitirira nthawi yake. Kuyambira cha pa tsiku lachinayi mpaka sabata yachitatu, pansi pa bala pamamera mnofu wofiira wa timibulutimibulu, wosachedwa kuchucha magazi ukaukhudza. Maselo otchedwa fibroblast amaluka ulusi wa kolajeni, puloteni yolimbitsa khungu, m'mphepete mwa bala mumakokana, ndipo kakhungu katsopano, kopyapyala, kamakwawa kuchokera m'mbali kulowera pakati. Gawo lomaliza limatenga miyezi, mwina kupitirira chaka, pamene kolajeni akuyalidwanso ndipo chipsera chikulimba n'kumazilala. Ngakhale chitakhwima bwanji, chipsera chimangofika pafupifupi 80 peresenti ya kulimba kwa khungu loyamba.

Tsamba, khungwa kapena muzu ungathandize m'njira zochepa chabe: kuletsa magazi, kupha tizilombo, kuchotsa mnofu wakufa, kuziziritsa kutupa kumene kwakakamira, kapena kusunga chinyezi. Njira yomalizayi ndi imene imasokoneza kafukufuku wambiri. Mu 1962 George Winter wa ku Britain anacheka timabala tosazama pamsana pa nkhumba, tina n'kutisiya pamtunda kuti tiume, tina n'kutiphimba ndi pulasitiki. Tophimbidwa tija tinamera khungu mofulumira pafupifupi kawiri. Nkhanambo imene ambiri timaiona ngati umboni wa kupola imachedwetsa, popeza maselo a khungu amayenera kukumba pansi pake kufuna malo onyowa oti adutsepo. Tanthauzo lake n'lakuti chilichonse chamafuta chimene chingaphimbe bala, ngakhale Vaseline wopanda kanthu, chimaposa bala losiyidwa poyera. Ndiye wofufuza akasakaniza ufa wa khungwa ndi Vaseline, n'kuyerekeza ndi bala limene sanapakepo kalikonse, sangadziwe ngati wagwira ntchito ndi khungwalo kapena Vaseline.

Kuchoka pa mtengo kukafika mu labotale

Ntchito imayamba ndi kudziwa mtengo weniweni. Dzina limodzi la kumudzi limatha kuimira zomera zingapo zosiyana, ndipo chomera chimodzi chimatha kukhala ndi dzina lina ku Nsanje, lina ku Kasungu. N'chifukwa chake wofufuza amathyola nthambi ya masamba, yokhala ndi maluwa kapena zipatso ngati zilipo, n'kuipana pakati pa manyuzipepala mpaka iume, n'kukaipereka kumalo osungira zitsanzo za zomera, monga ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, kuti akatswiri aitchule dzina la sayansi ndi kuipatsa nambala. Lipoti lopanda nambala imeneyi silingabwerezedwe ndi wina aliyense. Palembedwenso gawo la mtengo limene latengedwa, mwezi, ndi malo, pakuti khungwa la mvunguti losendedwa m'dzinja silingafanane mphamvu ndi losendedwa mu Okutobala.

Zotengedwazo amaziyanika pamthunzi, kapena mu uvuni wosapitirira madigiri 40, chifukwa dzuwa ndi moto zimaononga zina mwa zofunikazo. Zikauma amazipera, n'kuviika ufawo, kawirikawiri magalamu 100 mu lita imodzi ya madzi kapena ya mankhwala osungunulira monga ethanol, methanol kapena acetone, kwa maola 48 mpaka 72 uku akukhutchumula. Akasefa amaumitsa madziwo, n'kutsala phala lakuda lomata, limene amaliyeza kulemera kwake. Apa pali mpata woyamba waukulu pakati pa labotale ndi mudzi. Sing'anga sagwiritsa ntchito acetone. Iye amawiritsa m'madzi, amasinja masamba aawisi, kapena amaotcha muzu n'kupera makala ake. Katswiri wa ku Pretoria, J.N. Eloff, anaonetsa mu 1998 kuti acetone amatulutsa zopha tizilombo zambiri kuchokera m'masamba kuposa madzi, amene amatulutsa zochepa kwambiri. Choncho lipoti lonena kuti mtengo wa naphini woviika mu acetone wapha mabakiteriya silinanene kanthu za naphini wowiritsa mu mphika. Amene akufuna kuyesa nzeru ya sing'anga ayenera kukonza mankhwalawo mmene mwini wake amakonzera, n'kuyesa zonse ziwiri.

Mayeso amene amapezeka m'malipoti ambiri a ophunzira ndi a timabowo. Amamwaza mabakiteriya pa kambale ka chakudya chawo cholimba ngati phala lozizira, amaboola timabowo ta mamilimita 6, amadonthezeramo mankhwala, n'kusiya usiku wonse pa madigiri 37. M'mawa amayeza malo oyera ozungulira kabowo pamene tizilombo talephera kumera. Ndi mayeso otsika mtengo, koma amanama. Kukula kwa malo oyerawo kumadalira kwambiri mmene mankhwala akuyenderera m'chakudyacho, kotero kuti mankhwala amphamvu koma amafuta amangokhala m'kabowo n'kuoneka ngati achabe, pamene ofooka osungunuka bwino m'madzi amaoneka ngati akatundu. Njira yodalirika ndi ya mbale ya timaenje 96: mankhwala amasungunulidwa theka ndi theka kuchoka pa kadzenje kena kupita pa kanzake, n'kuona mlingo wochepetsetsa umene waletsa tizilombo kuswana. Akatswiri ambiri a za zomera amati phala la mtengo liyenera kugwira ntchito pa mamiligalamu 0.1 pa mililita, kapena kutsika apo, kuti litchedwe lamphamvu. Mukaona lipoti likunyadira kuti mankhwala anapha tizilombo pa mamiligalamu 50 pa mililita, dziwani kuti pa mlingo wotere zomera zambiri zikhoza kuchita chimodzimodzi.

Tizilombo toyenera kuyesa ndi timene timapezekadi pa zilonda: Staphylococcus aureus wa mafinya achikasu, Streptococcus pyogenes amene amayenda msanga pansi pa khungu, ndi Pseudomonas aeruginosa amene anamwino a ku wodi ya opsa ndi moto amamudziwira ku bandeji yobiriwira ndi fungo lake. Pa chilonda chokhalitsa, tizilomboti timamanga kansalu koterera kodziteteza nako, ndipo tikakhala mmenemo timapirira mankhwala ochuluka kwambiri kuposa tikamayandama m'kadzenje ka mu labotale.

Chimene ambiri amachidumpha n'chakuti chopha mabakiteriya chikhoza kuphanso maselo omanga bala. Makungwa ambiri a mitengo yathu ali ndi tannin, chinthu chimene chimakhwinyatitsa m'kamwa munthu akaluma nthochi yosapsa. Tannin amaumitsa mapuloteni, ndiye bala limaleka kuchucha, limachita chikhungu chakuda cholimba, n'kuoneka ngati lapola. Madokotala a ku Ulaya ndi America anakopekapo nazo zimenezi. Mu 1925 Edward Davidson wa ku Detroit anayamba kuthira tannic acid pa mabala a moto, ndipo njirayi inafala m'zipatala zambiri, mpaka m'zaka za m'ma 1940 pamene anaona kuti odwala ena opsa malo aakulu akumwalira chiwindi chitaonongeka, n'kuisiya. Choncho pambali pa kuyesa tizilombo, mankhwala ayenera kuthiridwanso pa maselo a khungu oweta mu labotale, kuona mlingo umene akuyamba kuwapha. Ngati mlingo wopha mabakiteriya ndi womwewo wopha maselo, mankhwalawo alibe tsogolo pa bala lotseguka. Pa maselo omwewa amachitanso mayeso a kukanda: amawasiya adzaze pansi pa kambale, amakanda mzere pakati ndi kansonga ka pulasitiki, n'kumajambula pakatha maola 12 ndi 24 kuona mmene mpatawo ukutsekekera ndi mankhwala komanso popanda mankhwala.

Khoswe si munthu

Zikayenda bwino mu labotale, ntchito imapita pa nyama. Njira yofala ndi yogoneka khoswe ndi mankhwala, kumeta pamsana, n'kucheka khungu lozungulira la masikweya milimita pafupifupi 500 mpaka kufika pa mnofu. Masiku angapo alionse amaika pepala loonekera pabalapo, amalemba m'mphepete mwake, n'kuwerenga timabokosi pa pepala la magirafu. Ngati bala la 500 latsika kufika pa 150 pa tsiku la 12, ndiye kuti latseka ndi 70 peresenti. Ena amacheka mzere, kusoka, ndipo cha pa tsiku la 10 amayeza mphamvu imene ikufunika kuti mzerewo ung'ambike. Enanso amayeza hydroxyproline m'mnofu watsopano, poti kuchuluka kwake kumasonyeza kuchuluka kwa kolajeni.

Magulu a makoswe ayenera kukhala osachepera anayi: losapakidwa kanthu, lopakidwa mafuta osakanizira okhaokha, lopakidwa mankhwala odziwika a kuchipatala, ndi lopakidwa chitsambacho, makamaka pa milingo iwiri monga 5 ndi 10 peresenti. Gulu lachiwirilo likasowa, kafukufuku yense wagwa. Khoswe aliyense akhale m'khola lakelake, apo ayi amanyambitana mabala n'kudya mankhwala omwe. Ndipo woyeza mabala asadziwe kuti khoswe uyu ndi wa gulu liti, chifukwa dzanja la munthu woyembekezera zabwino limalemba mzere mkati pang'ono mwini wake osazindikira.

Koma ngakhale zonsezi zitachitidwa bwino, pali vuto la chilengedwe. Khungu la khoswe ndi lotakasuka, ndipo pansi pake pali kamnofu kopyapyala kamene kamalikoka, ndiye bala limatseka makamaka pokokana ngati kukamwa kwa thumba lomanga ndi chingwe. Khungu la munthu ndi lomatirira ku mnofu, ndipo mabala ake ambiri amatseka podzaza mnofu watsopano ndi kumera khungu pamwamba. Mankhwala ofulumizitsa kukokana pa khoswe akhoza kukhala opanda phindu pa munthu. Pa bala la moto la m'khosi kapena m'chigongono kukokana n'kumene kumalemaza. Ofufuza ena amasokerera kamkombero ka silikoni mozungulira bala la mbewa kuti lisakokane, ena amagwiritsa ntchito nkhumba, imene khungu lake limafanana kwambiri ndi lathu koma ndi yodula kusunga. Onjezanipo kuti makoswe a mu labotale ndi aang'ono, okhuta, opanda matenda, pamene chilonda chimene chimavutitsa anthu ndi cha agogo a matenda a shuga, cha mwana woperewera zakudya, kapena cha munthu amene chitetezo chake chatsika.

Zimene zinafika pa anthu

Chimene chayesedwa kwambiri pa anthu si tsamba koma uchi. Mmene umagwirira ntchito n'zodziwika bwino. Pafupifupi 80 peresenti yake ndi shuga ndipo madzi ndi ochepera 20 peresenti, ndiye umakoka madzi m'tizilombo ndi m'mnofu wotupa. Ndi wowawasa, pH yake ili pakati pa 3.2 ndi 4.5. Ndipo njuchi zimaikamo enzyme, puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu, yotchedwa glucose oxidase, imene uchi ukasungunuka ndi madzi a pabala imatulutsa pang'onopang'ono hydrogen peroxide, mankhwala opha tizilombo. Uchi wa manuka wa ku New Zealand, umene Peter Molan wa pa yunivesite ya Waikato anaufufuza kuyambira m'zaka za m'ma 1980, uli ndi chophera tizilombo china chowonjezera, methylglyoxal, chimene chinadziwika mu 2008.

Mu 2015 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zaumoyo, linaunika mayeso 26 a uchi okhudza anthu 3,011. Linapeza umboni wabwino wakuti mabala a moto osazama amapola msanga ndi masiku anayi kapena asanu poyerekeza ndi mabandeji wamba, ndi umboni wocheperapo wakuti uchi umathandiza mabala a opaleshoni amene alowa mafinya. Pa zilonda zina umboni unali wofooka. Mayeso ambiri a moto anachitidwa ndi dokotala mmodzi wa ku India, M. Subrahmanyam, ndipo iye yemweyo anaonetsa mu 1999 kuti pa mabala ozama, kuchotsa msanga mnofu wakufa ndi kuikapo khungu lotengedwa pena kumaposa uchi. Palinso nkhani ya choyerekezera: mayeso angapo anayerekeza uchi ndi silver sulfadiazine, mafuta oyera aja a pa mabala a moto, amene kafukufuku wina anaonetsa kuti amachedwetsa kupola poyerekeza ndi mabandeji amakono. Kupambana mnzako wotsimphina si umboni wakuti ndiwe waliwiro. Ku New Zealand komweko, mayeso aakulu a anthu 368 a zilonda za m'miyendo zobwera chifukwa cha mitsempha yobweza magazi anapeza kuti pa sabata 12, opola anali pafupifupi 56 peresenti pa uchi ndi 50 peresenti popanda uchi, kusiyana kumene kukhoza kungochitika mwamwayi, ndipo a uchi ambiri anadandaula ululu.

Kuno kwathu, kafukufuku wa ku Blantyre wa Mphande ndi anzake, wofalitsidwa mu 2007, anayerekeza uchi ndi shuga pa odwala 40 a mabala otseguka kapena a mafinya, 22 pa uchi ndi 18 pa shuga. Pa gulu la uchi, opezeka ndi mabakiteriya pabala anatsika kuchoka pa 55 kufika pa 23 peresenti m'sabata imodzi. Pa gulu la shuga anachoka pa 52 kufika pa 39. M'sabata ziwiri zoyamba mabala a uchi ankachepa ndi masikweya sentimita 3.8 pa sabata, a shuga 2.2. Anthu 40 ndi ochepa, ndipo panalibe gulu la bandeji ya madzi amchere okha, ndiye sitingazidalire kwambiri. Komabe ndi kafukufuku wa mtundu woyenera: anthu enieni, mabala enieni, zinthu zogulika pamsika, ndi manambala oti wina akhoza kuwatsutsa. Shuga naye anayesedwapo pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe pofuna kuchepetsa fungo la zilonda, ndipo ku Britain namwino wochokera ku Zimbabwe, Moses Murandu wa pa yunivesite ya Wolverhampton, wakhala akuufufuza kwa zaka, atauona ukugwira ntchito kwawo ali mwana.

Pogwiritsa ntchito uchi pali zolakwika zodziwika. Kupaka pang'ono ngati mafuta odzola sikuthandiza, poti madzi a pabala amausungunula msanga. Molan ankalangiza mamililita pafupifupi 20 pa bandeji ya masentimita 10 mbali zonse, opakidwa pa gozi osati kuthiridwa pabala, ndi kusintha tsiku ndi tsiku kapena kuposa apo ngati bala likuchucha kwambiri. Uchi wotenthetsedwa pamoto wataya enzyme ija. Wothiridwa madzi kapena manyuchi a shuga, umene suvuta kuupeza m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, umasasa. Ndipo uchi wauwisi umatha kukhala ndi timbewu ta mabakiteriya a Clostridium, n'chifukwa chake wa kuchipatala amauwalitsa ndi cheza cha gamma, chimene chimapha timbewuto osaononga enzyme. Mphamvu ya uchi imasiyananso malinga ndi maluwa amene njuchi zinadya, kotero kuti wa m'nkhalango za kumpoto uyenera kuyesedwa pawokha, osangoukhulupirira chifukwa cha mbiri ya manuka.

Papaya ali ndi njira ina. Utomoni wake, makamaka wa losapsa, uli ndi papain, enzyme yogaya mapuloteni, yomwe ija imafewetsa nyama yolimba. Pabala imagaya mnofu wakufa. Mu 1999 madokotala a ku Banjul m'dziko la Gambia analemba za mmene ankaphwanyira mnofu wa papaya n'kuupaka pa gozi tsiku lililonse pa ana opsa kwambiri, mpaka bala litayera moti n'kuikapo khungu. Panalibe gulu loyerekezera, ndipo papain sagwirizana ndi thupi la aliyense: mu 2008 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaletsa mafuta a papain osavomerezedwa chifukwa anthu ena ankatupa ndi kubanika. Chinanazi ndiye chinafika patali. Bromelain, enzyme yogaya mapuloteni yotengedwa ku tsinde lake, anayengedwa n'kukhala mankhwala otchedwa NexoBrid, amene anavomerezedwa ku Ulaya mu 2012 ndi ku America mu 2022. Amapakidwa kwa maola anayi pa bala lozama la moto n'kusungunula chikhungu chakufa, koma zimachitikira m'chipatala, wodwala atapatsidwa mankhwala amphamvu oletsa ululu.

Alovera, amene mbiri yake ndi yaikulu kuposa zonsezi, umboni wake ndi wochepa modabwitsa. Cochrane mu 2012 inapeza mayeso 7 okha a anthu 347, ambiri osachitidwa bwino. Amodzi mwa iwo, a mu 1991, anali a amayi amene mabala awo a opaleshoni ya pamimba anatseguka: opakidwa alovera anatenga masiku 83 kuti apole, osapakidwa 53. Anthu anali ochepa, koma n'zokwanira kutichenjeza kuti choziziritsa khungu lopsa ndi dzuwa si choti n'kuthira m'bala lakuya.

Kuyesa pa chipatala cha boma

Kafukufuku wabwino wa pa anthu safuna makina odula. Amafuna mtundu umodzi wa bala, mwachitsanzo mabala a moto osazama osapitirira 10 peresenti ya thupi, osati kusakaniza a moto, a shuga ndi a ngozi ya njinga m'gulu limodzi. Wodwala akavomera, gulu lake lisankhidwe ndi maenvelopu omata, osaonekera mkati, a manambala otsatana, okonzedwa ndi munthu wina amene sakuona odwala. Kupanda apo namwino wachifundo amapereka mankhwala amene amawakhulupirira kwa amene bala lake likuoneka lopolerapo, kapena loipitsitsa, ndipo zotsatira zimapotoka. Magulu onse atsukidwe mofanana, amangidwe mofanana, asinthidwe masiku ofanana. Uchi ndi masamba sizibisika, zimanunkhira ndi kudetsa bandeji, ndiye bala likatsukidwa lijambulidwe ndi foni, rula ili pambali, foni italunjika bwino pamwamba, ndipo zithunzizo akayeze munthu wosadziwa gulu, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya pa kompyuta monga ImageJ. Kuchulukitsa mulitali ndi mulifupi kumakuza bala, chifukwa mabala sakhala a ngodya zinayi.

Choyezera chenicheni ndi masiku ofika pamene bala latsekeratu, lopanda kuchucha. Palembedwenso ululu posintha bandeji, fungo, mafinya, ndi mtengo wake. Odwala amene asiya kubwera asafufutidwe m'kaundula, pakuti kawirikawiri osowawo ndi amene zawavuta kapena amene apola msanga, ndipo kuwachotsa kumasintha chithunzi chonse. Zinthu zina zimene zimalamulira kupola zilembedwe poyamba pomwe: shuga wa m'magazi, kuchepa kwa magazi, HIV, kusuta fodya, kadyedwe. Chilonda cha kuphazi cha munthu wa shuga sichipola ngati akuchipondabe, ngakhale mupake chiyani, ndipo chikalephera kuchepa ndi theka m'sabata zinayi, mwayi woti chitseke pofika sabata 12 ndi wochepa.

Zonsezi zisanayambe pamafunika chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences, komanso cha PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Sing'anga amene waulula mtengo wake auzidwe kumene nzeruyo ikupita, ndipo pangano la kugawana phindu lilembedwe poyambirira, monga mgwirizano wa ku Nagoya wa 2010 umanenera. Ofufuza amene amatenga mizu n'kusowa ndi amene achititsa kuti asing'anga ena azitchula mtengo wolakwika dala.

Pakali pano, zimene zimaikidwa pa mabala m'makomo zimavulaza kudzera m'njira zodziwika. Ndowe, dothi ndi mizu yosatsuka zimanyamula timbewu ta kafumbata, amene amaonekera pakatha masiku 3 mpaka 21, nthawi zina bala litatseka kale; pa mchombo wa khanda ndiye zoopsa kwambiri. Phulusa, mwaye ndi ufa wa makala zimakanirira m'mnofu, moti namwino amayenera kupala mopweteka kuti aone kuya kwa bala. Utomoni wa nkhadze umaotcha khungu. Oilo wa galimoto, dzira laliwisi ndi mankhwala otsukira mano pa bala la moto sizichotsa kutentha, zimangoonjezera litsiro. Chimene chili ndi umboni pa moto ndi madzi ozizira oyera, othiridwa mosalekeza kwa mphindi 20, ndipo amathandizabe ngakhale patapita maola atatu chipsereni. Mwana wamng'ono afundidwe mbali zina za thupi kuti asazizidwe, ndipo matuza asaboolewe. Potsuka bala wamba, madzi abwino akumwa ndi okwanira, kapena lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira yosungunuliramo magalamu 9 a mchere, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi ndi theka.

Bala lozama, lolumidwa ndi galu kapena munthu, lobayidwa ndi msomali, la moto loposa chikhatho cha wopsayo kapena la kumaso, m'manja ndi kumaliseche, komanso chilonda chilichonse cha kuphazi kwa munthu wa shuga, n'zofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati kufiira kukufalikira, thupi latentha, kapena m'mphechepeche mwatuluka mwanabere. Chilonda chimene chatha mwezi osasintha chimafuna kupimidwa, poti china chimakhala khansa kapena TB ya pakhungu. Wodwala akafika, anene chimene anaikapo, ndipo wachipatala afunse mosakalipa, alembe m'buku la wodwalayo dzina la mtengo, gawo lake, kakonzedwe, ndi masiku amene wakhala akupaka. Zimathandiza posankha katemera wa kafumbata ndi katsukidwe ka bala, ndiponso zolembedwa zotere zikachuluka pa chipatala chimodzi, wofufuza amadziwa mitengo iwiri kapena itatu yoyamba kupita nayo ku Zomba.